Mamita Naini a Achimwene

Ine ndinakula ndikukhulupirira manambala kuposa anthu, ndipo kusukulu ankanditama nazo. Masiku ano ndikamva wina akunena kuti nambala sinama, ndimangomuyang'ana mtima ukuwawa, chifukwa nambala imene ndinalemba ndi dzanja langali ndi imene inagwetsa achimwene anga.

M'chaka cha 1999 ndinali m'chaka chomaliza pa yunivesite ina mu Nairobi, ndikuphunzira masamu a ziwerengero. Achimwene anga, a Griffin, anali dalaivala pa bungwe lina la mpingo ku Lavington, mumzinda womwewo. Iwo ndi amene ananditenga kumudzi ku Kasungu n'kundipezera malo a sukulu. Koma bungwelo linali litawauza kale kuti ntchito yawo itha mu Disembala, ndipo chiphaso chokhalira m'dzikomo chithera pomwepo.

Loweruka lililonse ankakwera minibasi, imene kumeneko amati matatu, kupita ku Buruburu kukasewera besibolo pa bwalo la sukulu ina. Poyamba ndinkawaseka. Munthu wamkulu ndevu pepeya, kumakaima pa dzuwa ndi gulovu limodzi ngati wataya linzake! Masewerowo amayenda chonchi: wina aponya mpira, wina aumenya ndi chibonga, ndipo kutali kumapeto kwa bwalo kumaima anthu atatu oti auwakhe usanagwe pansi. Achimwene anali mmodzi wa atatuwo. Ndinadzasiya kuwaseka nditaona kuti pa bwalo paja ndi pokhapo pamene ankayenda ngati munthu wopanda nkhawa.

Mu Ogasiti kunabwera kalata yochokera ku gulu lina la ku Japan limene linkatumizira timuyo mipira ndi magulovu. Linkafuna wowakha mmodzi kuti akaphunzire kumeneko zaka ziwiri, adzabwere ali mphunzitsi wolembedwa ntchito. Za dziko lochokera sanafunse. Oyenera analipo awiri okha: achimwene, ndi mnyamata wa ku Kenya konko, Matthews, wamiyendo yaitali, wothamanga ngati wathawa njuchi. Kwa Matthews unali ulendo wokaona dziko. Kwa achimwene inali njira yokhayo yotsala.

Mphunzitsi wa timuyo, a Wekesa, ankaopa kunenedwa kuti akondera. Atamva kuti ine ndimaphunzira zowerengera, anandiitanira pambali.

"Misozi, tiyezere ndani amalonda dera lalikulu," anatero. "Nambala ikanena, palibe adzandiloze chala. Sawa?"

"Sawa," ndinayankha, mutu utakula kale. Ndinkafunanso mutu wa kafukufuku wanga womaliza, ndiye ndinaona ngati Mulungu wandiyankha.

Njira ndinaipeka ndekha, ndipo ndinkainyadira. Ndinatola zitsekerero za mabotolo pa kiyosiki, n'kuzipaka penti yoyera, n'kuzikhomera pansi pa bwalo lonse, chilichonse mamita asanu kuchokera pa chinzake. Masewero akayamba ndinkakwera pa khoma la sukulu ndi mapu a bwalolo pamiyendo. Chibonga chikangolira, ndinkaika kadontho pamene wowakhayo waima. Akawakha, kadontho kena. Mtunda wa pakati pa madontho awiriwo ndiwo ndinkautcha dera la munthuyo. Wothamanga mtunda wautali ndiye wolonda dera lalikulu, basi. Mpira ukagwa pansi ndinkangolemba m'mphepete mwa pepala, popeza panalibe mtunda woti ndiyeze.

Ndinakhala pa khoma lija masabata khumi ndi awiri, fumbi la ku Buruburu likundilowa m'mano. Matthews ankaima chilili pamalo amodzi ngati msilikali, ndiye mpira ukauluka, liwiro, kudzigwetsa, fumbi koboo, anthu m'manja. Achimwene ayi. Iwo ankangoyendayenda mpira usanaponyedwe, uku pang'ono, uko pang'ono, ngati munthu wofuna pokhala pa maliro. Mpira ukabwera ankangosuntha mapazi angapo n'kutambasula dzanja. Ndinkapsa nazo mtima. Mumtima ndinkati, achimwene, thamangani, ulesi wa chiyani pa nthawi ngati ino?

Nditaphatikiza zonse, Matthews anapeza mamita twente wanu pa mpira uliwonse. Achimwene anapeza naini.

Ndinabwereza katatu. Naini yemweyo. Ndinalira, inde, koma pansi pa misoziyo panali kunyada, ndipo ndi kumeneko kumene sindidzikhululukira nako. Ndinkadziona ngati munthu wachilungamo amene sakondera ngakhale m'bale wake. Pepalalo ndinakapereka kwa a Wekesa osawauza achimwene kanthu. A Wekesa anawerenga manambalawo pamaso pa timu yonse. Achimwene anali oyamba kumugwira chanza Matthews. Pobwerera tinakhala mpando umodzi m'matatu, wailesi ikuphulika, ndipo anandilipirira ngati masiku onse.

Cholakwa ndinachiona patapita masabata atatu, masana ena m'laibulale. Ndinkafuna chithunzi chokongoletsera kafukufuku, ndiye ndinasonkhanitsa madontho onse pa mapu amodzi. Madontho oyambira a Matthews anaunjikana pamodzi ngati mbuzi m'khola. A achimwene anali balala, bwalo lonse. Ndinayang'ana pamene aliyense ankawakhira mpira: dera la achimwene linali lalikulu kuposa la Matthews, moonekeratu, osafuna ngakhale rula. Ndinawerenga zija ndinkalemba m'mphepete. Pa mipira fifite eyiti imene inapita mbali ya achimwene, inagwa pansi isanu yokha. Mbali ya Matthews, pa mipira fifite faifi, inagwa naintini.

Kuyendayenda kuja sikunali ulesi. Iwo ankafika pamalopo mpira usanamenyedwe, ndipo ine ndinkayamba kuyeza ntchito yonse itatha kale. Ndinayeza kuchedwa kwa Matthews n'kukutcha luso.

Ndinathamangira ku Buruburu tsiku lomwelo. A Wekesa anayang'ana mapuwo nthawi yaitali, kenako anavula chipewa n'kupukuta thukuta.

"Pole sana, pepa kwambiri, Misozi. Dzina linapita kale, viza yadindidwa, tikiti yafika," anatero. "Komanso taganiza. Mlongo wake wa Griffin abwere ndi manambala atsopano onena kuti Griffin ndiye wapambana. Ndani akhulupirire?"

Ndinatenga mapu anga n'kuchoka. Chilungamo changa chija ndi chimene chinatseka chitseko.

M'mawa mwake ndinapita ku Lavington. Ndinapeza achimwene akutsuka galimoto ya bungwe pansi pa mtengo wa jakaranda. Ndinayala mapu pa boneti yonyowa n'kufotokoza zonse. Iwo sanasiye kupukuta galasi.

"Ndimayang'ana mapazi a womenya," anatero. "Akaloza phazi uku, mpira upita uko. Wina amachedwa kuzunguza chibonga, wina amafulumira. Anthu ake ndi omwewa Loweruka lililonse, ungalephere kuwadziwa? Ndi chimodzimodzi pamsewu. Matatu sumadikira kuti akhote, umaona dalaivala wake."

"Ndiye munkadziwa, achimwene?"

"Kuti ndimawakha yambiri? Ndinkadziwa."

"Nanga bwanji simunanene tsiku lija?"

Apa ndiye anaima, nsanza ili m'manja. "Ndinene chiyani, Misozi? Ine ndinalekezera fomu thu. Iwe ndinakubweretsa kuno kuti udziwe zimene ine sindidziwa. Nditamva naini uja ndinangoti, kaya, mwina pali chimene mwanayu akuona."

Ndikanakonda akananditukwana. Ndikanakonda akanang'amba mapu aja n'kundithamangitsa. M'malo mwake anawapinda bwinobwino kuti asanyowe, n'kundifunsa ngati ndadya. Masabata khumi ndi awiri ndinakhala pa khoma ndikuwayang'ana, ndipo sindinatsike ngakhale tsiku limodzi kukawafunsa chifukwa chimene ankayenderayendera.

Kafukufuku ndinamukonza. Ndinayamba kuyeza kuchokera pamalo amodzi osasuntha, n'kuwerengeranso mipira yogwa pansi. Aphunzitsi anga anati ndi ntchito yapamwamba, ndipo ndinakhoza bwino kwambiri. Satifiketiyo ili m'sutikesi mpaka lero, sindinaipachikepo pa khoma.

Loweruka lomaliza achimwene asananyamuke, Matthews anali atapita kale. Ndinapita ku Buruburu popanda pepala, popanda cholembera, n'kukwera pa khoma lija chifukwa sindinkadziwa pena pokhala. Zitsekerero zinali zikadali pansi, penti itayamba kusupuka. Tikiti ya basi inali m'thumba mwawo: Lolemba, kudzera ku Tanzania mpaka ku Songwe, kubwerera kwathu kumene kunalibe womenya, kunalibe woponya, kunalibe ngakhale munthu wodziwa kuti gulovu lija ndi la chiyani.

Chakumapeto kwa masewero kunabwera womenya wina wamanzere amene achimwene ankamudziwa ngati chikhatho chawo. Ndinawaona akuyang'ana mapazi ake. Kenako, m'malo mosunthira kumene mapaziwo ankaloza, anayenda dala kupita mbali inayo, n'kukaima chilili ngati Matthews. A Wekesa anakuwa kuti abwerere. Iwo anakhala ngati sakumva.

Chibonga chinalira. Achimwene anathamanga. Sindinawaonepo akuthamanga chotero, bambo wa zaka sate thu, chipewa chitagwa, pakamwa pali yasa. Anadziponya pansi chafufumimba, fumbi linakwera, ndipo atadzuka mpira unali m'gulovu. Bwalo lonse linaombera m'manja, kuposa mmene linawaomberapo m'zaka zonse zinayi. Chigongono chawo chinkatuluka magazi.

Sanayang'ane anthuwo. Anatembenukira ku khoma, akupuma mwawefuwefu, n'kukweza mpirawo m'mwamba. Sanali okwiya, ndipo nkhope yawo inali ngati ya mwana woonetsa mphunzitsi kope lake.

"Misozi!" anakuwa. "Angati amenewo?"

Sindinafune kuwerenga, koma maso anga anali atawerenga kale zitsekererozo, chifukwa ndi zokhazo zimene ndinkadziwa kuchita.

"Twente faifi, achimwene," ndinayankha.

Anagwedeza mutu, n'kutola chipewa chawo.