Matimati a Achemwali M'chipatala

Ndinalota ndili m'chipatala momwe achemwali anga ankagwira ntchito ya unamwino asanaisiye n'kuyamba kugulitsa matimati. Pabedi lililonse panagona matimati, atafunda bulangeti. Ponseponse pankanunkha mankhwala okolopera. Achemwali ankathamanga uku ndi uku atavala zoyera, matimatiwo akuitana kuti, "Anesi! Anesi!" Akangowakhudza ankaphulika, madzi ofunda n'kumawayenderera m'mikono. Mwana wanga kumsanaku ankalemera ngati thumba la simenti. Kenaka achemwali anati, "Iwe, tandigwira manjawa." Ndinawagwira. Anali ozizira, opanda mafupa.

Ndinadzuka. Tsiku limenelo amayi anali atandituma kuti ndikawauze achemwali abwerere ku unamwino, poti anthu kutchalitchi akutiseka. Achemwaliwo ndinawapeza pamsika akupanga milu ya matimati, akuseka ndi mayi wogulitsa anyezi. Masaya awo, amene analowa m'kati ali ku unamwino, anali atabwerera.

"Make Chiso, wabwera ndi mawu a amayi, eti?" anandifunsa.

Kaya malotowo ankatanthauza chiyani, mpaka pano sindikudziwa. Ndinayang'ana pansi.

"Ayi, achemwali. Ndangobwera kudzagula za ndiwo."