Zenera la Njerwa

"Tsekani, a Goliati. Ndati tsekani ndi njerwa mpaka pamwamba."

A Goliati, mmisiri wamfupi ngati mtondo ngakhale dzina lawo linali la chimphona, anatsika pamakwerero nasuzumiranso pafoni ya che Akimu. Pachithunzipo panali chinyumba chakalekale cha ku Mangalande, komwe Fauziya, mwana wa che Akimu, ankagwirako ntchito yosamalira m'nyumba. Chinali cha njerwa zofiira, nsanamira zoyera pakhomo, machumuni aatali padenga, ndi mawindo ondandalikana mofanana uku ndi uku. Koma zenera limodzi lakumapeto linali lotsekedwa ndi njerwa, felemu yokha n'kumaoneka.

"Bwana, kuno ndi ku Nsanama," anatero a Goliati. "Mwezi wa Okotobala ngakhale buluzi amapempha madzi."

"Azungu aja si opusa. Ngati anatseka, chilipo chimene anaona."

Che Akimu sanali munthu wouma mtima. Vuto lawo linali kukonda mwana mopitirira. Chithunzi chija anachionetsa kumzikiti, kumsika wa thonje, ngakhale kwa anyamata a kabaza amene sanawafunse n'komwe. Atayamba kumanga nyumba yatsopano analumbira kuti idzafanana ndi ya mwana wawo, kungoti yaing'ono. Nsanamira ziwiri zinaimadi pakhonde. Chumuni chinakweranso, chopanda moto pansi pake, ndipo anthu odutsa ankafunsa ngati akutsegula bekale.

Tsoka lake, zenera lotsekalo linagwera pachipinda chogona.

Mkazi wawo, Abiti Yunusu, anali ndi chifuwa cha mphumu. Kukatentha ankabanika mpaka maso kutuluka, ndipo che Akimu ankawakupiza ndi lichero, mtima uli m'mwamba. Tsiku lomwe pulasitala anauma, mayiwo analowa m'chipindamo, anaima pang'ono, natuluka akupuma mwabefu.

"Ine muno sindigonamo."

"Iyayi, amayi, muzolowera."

"Ndizolowere manda ndili moyo? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chifuwachi n'changa, bambo. Inu samukani ndi azungu anuwo, ine nditsala m'nyumba yanga yakale. Ikudontha, koma ikupuma."

Mawu amenewa anawalasa che Akimu. Nyumbayi ankamangira yani ngati si mkazi yemweyu, amene anapirira nawo kuyambira ali ndi njinga yopanda mabuleki? Komabe kugumula khoma kunali kuvomera pamaso pa Nsanama yense kuti analakwitsa, ndipo manyazi a munthu wamkulu salowa m'thumba. Anasamuka okha. Ankadzuka m'mawa thukuta lili kamukamu, n'kumauza aliyense kuti agona bwino zedi.

Lachisanu, che Akimu atabwera ku mapemphero a Juma, Fauziya anaimba foni ya vidiyo. Che Akimu anawaitana akazi awo kuti adzamve okha, poganiza kuti mlandu uwakomera. Anazungulira nyumba yonse foni ili m'mwamba, naima pazenera lija monyadira.

"Taona, mwanangu. Ngakhale ili sitinaliiwale."

Fauziya anayang'anitsitsa, kenaka anagwira pakamwa. Anaseka mpaka chithunzi chinagwedera.

"Ababa! Mwatsekadi? Bwanji osandifunsa?"

"Nanga si mmene ziliri kwanuko?"

"Ababa, kuno kalekale boma linkakhometsa msonkho pa mawindo. Mwini nyumbayi anatseka limenelo pothawa msonkho, basi. Lero nyumbayi ndi yotetezedwa ndi lamulo, ndiye ngakhale eni ake sangagumule njerwa imodzi popanda chilolezo. Amayi a panyumba pano amadandaula nalo tsiku lililonse. Chipinda chimenecho n'chamdima, chimanunkha nkhungu."

Che Akimu anayang'ananso zenera lija. "Ndiye amagonamo ndani?"

"Palibe. Ndimo timasungamo matsache ndi zidebe."

A Goliati, amene ankapaka laimu pansanamira, anayamba kutsokomola chifuwa chabodza. Abiti Yunusu anakonza mpango wawo pang'onopang'ono.

"Wamva, Fauziya? Zaka zonsezi ndimayesa ndinakwatiwa. Kani bambo ako anatola tsache."

"Amayi, sindinatanthauze choncho," anatero che Akimu.

"Safunsa anadya phula," anayankha mayiwo, koma mopanda ukali. Anali ataona nkhope ya mwamuna wawo, ndipo anawamvera chisoni. Anabwerera kunyumba yakale osawonjezera china.

Che Akimu anatsala ataima padzuwa, akuyang'ana njerwa zija. Chinawawawa si kusekedwa ayi. Chinali chakuti anatengera nzeru za munthu wothawa msonkho, womwalira kalekale, n'kusiya za munthu amene ankabanika pambali pawo.

"A Goliati, kodi nyumba yangayi ilinso ndi lamulo loiteteza?"

"Lamulo lake ndi lomwe lalowa m'nyumba yakale lija, bwana."

"Bweretsani hamala."

"Ndigumule ine?"

"Iyayi. Anatseka ndi pakamwa panga, atsegule ndi manja anga."

Anavula mkanjo wa ku Juma, naupachika pansanamira. Njerwa yoyamba inavuta, yachiwiri inagwera mkati, kenaka zinayamba kutsatana. Anthu ochokera kumsika anaima pamsewu kuonerera, ena akuseka, koma mkuluyo sanacheuke. Bowo litakula, kamphepo kochokera kuphiri la Chikala kanalowa, n'kuwaziziritsa thukuta la pamsana.

Atatembenuka anapeza Abiti Yunusu ali pakhomo la chipinda, mkeka uli m'khwapa, pilo ali pamutu.

"Amayi, dikirani kaye panja! Fumbili likupwetekani m'chifuwa."

"Ndadikira kokwana," anatero mayiwo, akuphimba mphuno ndi nsonga ya mpango. "Inu gumulani mzere winanso m'munsimo. Ndikufuna ndizikuonani mukamabwera kuchokera kumunda."

Che Akimu anatolanso hamala.