Thobwa la Alamu

Fumbi la ku Balaka silipempha malo. Limalowa pansi pa chitseko, limalowa pazenera, limatera pa mabuku a Nankhoma mpaka onse kukhala mbuu. Ndi mabuku ochindikala ngati njerwa, onena za chakudya ndi thupi la munthu: ili la mchere ndi kuthamanga kwa magazi, ilo la shuga, linalo la miyambo ya kadyedwe ka mitundu ya anthu. Nankhoma wakalamba nawo mabukuwa akuphunzitsa anamwino mumzinda. Tsopano anapuma ntchito, ndipo wophunzira amene wamutsalira ndi mmodzi yekha, wamakani kuposa onse: amuna ake, a Chisale.

A Chisale ali ndi matenda a shuga. Pachala chachikulu cha phazi lawo pali chilonda chimene chakana kupola, m'mphepete mwake muli bii. Adokotala sanapite m'mbali: shuga akapanda kutsika chalacho adula, ndipo kumene kwapita chala mwendo umatsatira.

Choncho Nankhoma amalondera. Amalondera tiyi, amalondera mbale, amalondera matumba a jekete pobwera kutchalitchi, poti munthu wamkulu ndi imvi zake amabisamo masiwiti ngati mwana wa sukulu. Kutopa kwake si kwa mikono ayi. Ndi kutopa konena "ayi" m'mawa, "ayi" masana, "ayi" madzulo, kwa munthu amene unalonjeza pamaso pa mpingo kuti udzamusamala. Pa tsiku la ukwati anamuuza kuti kusamala mwamuna ndi kumupatsa. Palibe anamunong'oneza kuti kudzafika nthawi yomusamala pomumana.

Ndipo a Chisale aonda. Mabuku akuti ndi bwino, anthu a ku Balaka akuti ndi tsoka. Kolala ya shati yawakulira, lamba amuboola kachiboo kena. Choipa n'chakuti Nankhoma ndi wathupi chibadwire, ngakhale atamwa madzi okha. Akamayenda awiriwa pamsewu, anthu amayang'ana mwamuna, amayang'ana mkazi, kenako amayang'anana. Kuno thupi la mwamuna ndiye mboni ya mkazi wake. Buku la miyambo lija limazitchula zimenezi m'ndime imodzi, mwaulemu, ngati nkhani ya mvula ya kudziko lina. Zikuoneka kuti wolembayo analibe alamu.

Alamu anafika masana, dzuwa likuswa mtengo, kunja kuli mbee. Anali Nachisale, mlongo wa a Chisale, wochokera kumudzi ku Ntcheu, mapazi ali mbuu, kachigubu m'manja. Munali thobwa la mawere, lothira shuga mosaumira, lophikidwa ndi munthu amene wamva mbiri ndipo wabwera kudzapulumutsa m'bale wake.

"Achimwene, ndinu amene?" anatero ali pakhomo. Kenako anatembenukira kwa Nankhoma. "Alamu, munthuyu mwatisiyira mafupa okhaokha. Kapena m'mabuku mwanumo analemba kuti azidya mphepo?"

Nankhoma anangomupatsa mpando. Za matendawa anafotokozapo kale pa maliro, anafotokozapo pa chinkhoswe, anafotokozapo pa foni mpaka mawu kutha. Mlendo ndi mame, mawa adzakhala atapita. Koma chilonda sichikwera naye basi, chimatsala. Komanso chakudya chochokera m'manja mwa mlongo sachikana. Kuchikana ndi kunena kuti wathiramo kanthu, kuchitaya ndi kutukwana mtundu wonse. Chibale ndi fupa, sichiola, ndipo mkazi wokwatiwa amadziwa kuti iye si fupalo.

Nachisale anathira m'kapu yaikulu, analawa kaye yekha monga mwa mwambo, napereka kwa mchimwene wake. A Chisale analandira ndi manja awiri. Maso awo anadzaza misozi, poti fungo limenelo linali la kwawo, la pakhonde pa malemu mayi awo. Nankhoma anawamvera chisoni, chisoni chenicheni. Pansi apo ntchentche inali kuzungulira bandeji wa pachala.

Nankhoma anagwada pamaso pa amuna ake, maondo akulira.

"Bambo, ndilaweko."

Anatenga kapu ija m'manja mwawo, namwa. Sanalawe, anamwa yonse mpaka masese. Anathira ina, namwa. Anathiranso ina. Thobwa linali lokoma, lokoma mopweteka, ndipo lililonse mwa mabuku aja likanatha kumuuza zimene linali kuchita m'magazi mwake. Thukuta linali kamukamu, mimba inalimba, mpweya unachepa, koma sanaleke kufikira kachigubu katapepuka ndi kulira ngati ng'oma. Mphatso sinakanidwe, mphatso sinatayidwe. Yamwedwa m'nyumba momwemo.

Nachisale anamuyang'ana dwii, dzanja lili pakamwa.

"Ine ndimayesa ndi mabodza a anthu," anatero pang'onopang'ono. "Lero ndaona ndi maso angawa kumene kumapita chakudya cha achimwene."

Nankhoma anapukuta milomo ndi nsonga ya chitenje. Anadziwa kuti lisanafike Lamulungu mudzi wonse udzakhala utamva za mkazi wophunzira amene amalanda kapu pakamwa pa mwamuna wodwala. Dzina limenelo adzafa nalo, ndipo analilandira. Chimene anadikira chinali liwu limodzi lokha lochokera kwa munthu amene amadziwa zoona, amene anamva yekha mawu a adokotala. Anadikira ali chigwadire.

A Chisale anali khuma, maso ali m'kapu yopanda kanthu.

"Nankhoma," anatero motsitsa mawu, "mukanandisiyirako ndi pang'ono pomwe."

Nankhoma anadzuka pogwira mpando, mimba ikulemera, napita kukatereka madzi otsukira chilonda.