Njerwa za a Grey

Chaka chimenecho feteleza wa makuponi anafika msanga, anthu n'kuthira m'fodya ndi m'chimanga mitima ili m'malo. Kenako mvula inadula. Januwale yense kunachita ng'amba, fodya n'kuyamba kufota ali m'mizere. Munthu amene wathira thumba lake lokhalo panthaka youma sachedwa kupsa mtima, ndipo pa Kaluluma aliyense ankangoyenda tsinya lili pamphumi.

Amene ankapindula ndi Lucious, mwini kanyumba ka vidiyo. Anabwera kuchokera ku Thyolo kudzagwira utenanti, n'kukwatira Feggie, mwana wa konkuno, fodya n'kumusiya. Luso lake linali kumasulira mafilimu pa maikolofoni, mawu n'kumatulukira pa chimkuzamawu chomwe anachimangirira padenga.

Tsikulo masana ankaonetsa za anthu oyenda m'chombo pakati pa nyenyezi. Anafika pamwamba pa dziko lachilendo, n'kupeza eni ake akukonzeka kupha mnzawo potsata mwambo. Mtsogoleri wa chombocho anangopinda manja.

"Akuti lamulo lawo silola," anamasulira Lucious. "Akuti za eni salowerera."

M'kanyumbamo munabuka phokoso. Amene anakuwa koposa anali Mwavi, mchimwene wake wa Feggie.

"Chitsiru cha munthu! Tsikani mukam'pulumutse! Mfuti zonsezo n'zosakira mbewa?"

Anthu achifundo bwanji! Chifundo chawocho chinathera pomwe kunja kunamveka mfuwu wakuti wogwira mvula wapezeka. Onse anakhamukira kukhomo, mabenchi n'kugwa.

Wopezekayo anali a Grey, nkhalamba ya ku Phalombe yomwe inakalambira pa esiteti. Mlandu wawo unali njerwa. Anaumba njerwa nyengo ya dzinja, n'kuziyanika kuseri kwa shedi. Ndiye ndani angafune dzuwa kuposa munthu wa njerwa zosawotcha? Mlandu unathera pomwepo, popanda wowafunsa. Anawakoka miyendo kuchokera kuminda, msana ukukhuluzika pamsewu, mpaka anawaponya pabwalo la msika.

Mwala woyamba unawaphula pamwamba pa diso. Wina anawamenya ndi mpini m'nthiti, ndipo kunamveka kuthyoka. Mwavi uja, wachifundo uja, anali atanyamula njerwa imodzi ya a Grey omwewo.

Feggie anagwira malaya a mwamuna wake.

"Bambo, musayerekeze. Inu si wa kuno. Izi n'za eni mudzi."

Lucious anaima. Ankaopa, ndipo ankadziwa kuti mkaziyo sakunama. Koma nkhalambayo inkalira ikuitana mayi ake m'kalankhulidwe ka kwawo kummwera, momwe bambo ake a Lucious ankalankhulira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Malaya anatsala m'manja mwa Feggie.

Lucious anathamanga. Anadutsa pakati pa gululo n'kudzigwetsa pamwamba pa a Grey, chifuwa pa chifuwa, mikono itakuta mutu wawo. Lucious anali munthu wa thupi, moti nkhalambayo inabisika yonse, kungotsala mapazi.

Gulu likalusa siliona nkhope. Mipini inatera pamsana pake. Njerwa inasweka paphewa, ina inang'amba khutu, magazi n'kumatsikira m'kamwa. Pansi pake a Grey ankafulukuta, akumukanda pamimba ndi zala, akunong'ona mawu osamveka. Lucious anaganiza kuti ndi mantha.

"Limbani mtima, bambo, ndilipo," anatero, n'kuwapanikiza kwambiri kuti mwala usapeze mpata.

Amene analeretsa anthuwo anali Feggie. Anathamangira Mwavi n'kumuluma dzanja mpaka njerwa inagwa.

"Achimwene, mukupha alamu anu! Ana anga muwalera ndinu?"

Mwavi anayang'ana pansi, n'kuzindikira kabudula yemwe iye mwini anam'patsa Lucious. Anabwerera m'mbuyo. Ena ataona zimenezo anayamba kutaya miyala mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kumbali ngati wangodutsa popita kuchigayo.

Lucious anadzuka movutika, dzanja limodzi likulendewera. Ankaseka, mano ali magazi okhaokha. Anali asanakondwepo chonchi chibadwire.

"Apita, bambo. Dzukani."

A Grey sanadzuke. Mayi wina wogulitsa tomato, amene nthawi yonseyo anabisala pansi pa benchi lake pafupi pomwepo, anatuluka akulira. Anagwada n'kuwatseka maso.

"Ine ndimawamva," anatero mayiyo. "Amakupemphani kuti musunthe pang'ono. Amati nthiti zawalasa, sakutha kupuma."