Chilolezo cha ku Joni

Lyness ankataya magazi. Osati a kumwezi. Miyezi inkapita, magazi osaleka. Kuchipatala sankapita. Mwamuna wake, Bestone, anali ku Joni. Pakhomo ankalamula ndi mkulu wa Bestone, a Gordon, akabaza.

Ine ndinakumana nawo mwangozi. Kwathu ndi ku Lilongwe, koma sindikhalitsa pamalo amodzi. Chaka chimenecho ndinalowa gulu lopalasa njinga kuchokera pa Jenda kupita ku Mzimba Boma. Tinkasonkhetsa thandizo la kafukufuku wa khansa, uku tikuchenjeza anthu. Tinadzera ku Edingeni. Fumbi. Dzuwa. Tcheni changa chinaduka pamsika. Anachilumikiza ndi a Gordon.

"Kupalasa opanda wokwera, opanda thumba la chimanga," anatero akuseka. "A m'tauni nthawi muli nayo chomene."

Namwino wa gulu lathu, mayi Monica, anaima n'kuyamba kutchula zizindikiro za khansa ya khomo la chiberekero. Lyness ankagulitsa tomato chapafupi. Anamvetsera. Kenako anadzuka.

"Amama, ndapota. Zomwe mukunenazo ndili nazo."

"Mlamu, bwererani pa tomato," anatero a Gordon. Kuseka kunali kutatha.

"Bambo, mayiwa akufunika kuyezedwa msanga," anatero mayi Monica.

"Ng'ombe za malowolo ake tinapereka ndife. Mwini wake kulibe. Ndilole bwanji kuti alendo avule mkazi wa mng'ono wanga? Akabwera pa Disembala, mbwenu adzaona yekha."

"Disembala wake uti, alamu?" anafunsa Lyness. "Wapitayu sanabwere. Winayo sanabwere. Katundu wa ku Joni mumamasula osadikira Disembala. Wodikira ndine ndekha?"

Amayi a pamsika anaseka. Kuseka kowawa.

Mayi Monica sanakweze mawu. "Woyeza ndi mayi mnzawo. Ndipo munthu wamkulu safunika chilolezo kuti ayezedwe. Ng'ombe zinamanga banja, bambo. Sizinagule thupi."

A Gordon anatulutsa foni. Anaimbira Bestone. Sinalowe. Anatumiza uthenga. Zii.

Lyness anasiyira mnzake tomato. Anamanga chitenje. Anakhala pa kabaza ya a Gordon.

"Ndiperekezeni. Mukakana ndikwera ya wina, msika wonse uone."

A Gordon anayang'ana anthu. Anthu anayang'ana a Gordon. Anakwera. Anapalasa nafe mpaka kuchipatala cha pa Boma.

Ine ndinapitiriza ulendo. Patapita nthawi, mayi Monica anandiimbira. Inalidi khansa, koma isanafalikire. Lyness anamutumiza ku Mzuzu. Anamuchotsa chiberekero.

"Akanayezetsa kale, tikanapeza kachilonda chabe," anatero. "Tikanakawotcha, iye n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo."

Yankho la Bestone linafika mkazi wake atatuluka kale m'chipatala. Mawu amodzi: "Apite."

Lyness ali ndi mwana mmodzi. Sadzaberekanso. Koma ali moyo, ndipo mwanayo akumulera yekha ndi manja ake. A Gordon anatengera akazi awo kukayezetsa, popanda wowauza.

Mayi, musadikire magazi kapena ululu. Kayezetseni mukadali bwino. Mukaona chizindikiro, pitani lero lomwe. Abambo, alamu, apongozi: ntchito yanu ndi kuperekeza, osati kuloleza.