Kabotolo ka ba Virginia

Mng'ono wanga Thandazani anapita kukabindikira ku Kabwata kutatsala sabata kuti kichini pate yake, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi, ichitike. Anamutenga ndi ba Virginia, azakhali athu, amene anadzisankha okha kukhala mlangizi wake. Mwambo wake ndi wodziwika: mkwatibwi amakhala m'nyumba osaonedwa, mpaka tsiku loti alowe pabwalo atafunda chitenje, mwamuna wake n'kudzamuvundukula pamaso pa azimayi onse. Mwamunayo ndi Spencer, kwawo ku Kabulonga, kwa anthu a mipanda italiitali. Ba Virginia atangomva dzina la Kabulonga, mutu unawazungulira.

Ndinene poyera, ine ndi ba Virginia sitimwerana madzi. Ndine Peggy, mwana woyamba, sindinakwatiwe, ndipo iwo amaonetsetsa kuti ndisaiwale.

Lachitatu ndinachoka ku Chelstone kukamusiyira Thandazani nsapato za paphwando. Ndinamupeza m'chipinda, makatani otseka, akudzikanda m'khosi ndi manja onse awiri. Nditatsegula katani ndinagwira pakamwa. Masaya anali otupa, ofiira psuu, totupa ting'onoting'ono tafika mpaka kuseri kwa makutu. Pamwamba pake anali atamumata mankhwala otsukira mano, ouma kale ndi ong'ambikang'ambika.

"Thanda, nichani ichi?" ndinamufunsa.

Anangoloza pawindo. Panali kabotolo kamene kale kanali ka jamu, kopanda dzina, mkati muli kirimu wachikasu wa fungo loboola m'mphuno. Nthawi yomweyo ba Virginia analowa akupukuta manja pachitenje.

"Ba anti, mwamuzoleka chani mwana?"

"Ni ka kilimu chabe ka ku City Market. Ba mayi bamene banigulisa bamasakaniza beka. Ufuna ayende ku Kabulonga wakuda monga poto? Ivo vamene uona ni doti ichoka."

"Nanga mankhwala ya mano?"

"Yaumisa tuvilonda. Na ndimu nafinyilako. Ise tinakula navo ivi, iwe uziba chani?"

Ndimu pa khungu lotupa! Mtima unandiwira. Ndinatola kabotolo kaja n'kukakaponya m'bini ya kukhichini, iwo akukuwa kumbuyo kwanga. Ndinatunga madzi ozizira m'beseni n'kumusambitsa mng'ono wanga pang'onopang'ono, iye akulira chifukwa cha kunyereza. Kenako ndinathamangira kumalo ogulitsira mankhwala. Mayi wa pamenepo anati tisiye kumupaka china chilichonse, asasambe sopo wonunkhira, aziika kansalu konyowa ndi madzi ozizira, ndipo poyabwa azipaka kalamaini, mankhwala amadzi ofiirira aja. Anatinso milomo kapena maso zikayamba kutupa, tisachedwe, tipite naye kuchipatala.

Pobwerera ndinapeza ba Virginia atakhala pamatiresi pafupi ndi Thandazani, atanyamula kathaulo ka kumaso kobiriwira. Kathauloko ndinamugulira ndine tsiku limene ankanyamuka.

"Ni ndani anamupasa aka?" anatero ba Virginia. "Si iwe? Mwana ayamba kupukutila thaulo yako, nkhope yaonongeka. Kilimu bantu bambili bazola, sibatupa. Mufana akwatiliwa, mukulu ali chabe pa nyumba. Tiziba vamene vimachitika."

"Mukamba kuti namuloza?"

"Wakamba weka. Aka ka thaulo nizashoka pa moto."

Mawu awo sanandipweteke kwenikweni, pakamwa pawo ndinapazolowera. Chimene chinandilasa ndi Thandazani. Anayang'ana kathaulo, anayang'ana ine, n'kugwetsa nkhope pansi. Mwana amene ndinamubereka kumbuyo mpaka msana kuwawa! Ndinamusiyira kalamaini pawindo n'kutuluka.

M'mawa mwake ndinabwereranso. Ba Virginia anatsekereza pakhomo, ine ndinangowapanikiza n'kudutsa. M'bini munali makoko a ndimu a dzulo aja, koma kabotolo munalibe. Kathaulo nakonso sikanali pamsomali pamene kankakolekedwa. Ndinafunsa Thandazani ngati wayambanso kudzola zija.

"Ba Peggy, yendani chabe," anatero atafulatira. "Tizaonana pa Satade."

Ndinayenda mpaka pokwerera basi maso ali odzaza misozi, ndikutukwana chamumtima. Pofika Lachisanu nkhani inali itafika kale ku Lilayi, kwa achibale amene sitinawaone chiyambire maliro a atate. Ankaimbira amayi kufunsa ngati n'zoona kuti Peggy walodza mng'ono wake. Foni ya ba Virginia simapuma.

Loweruka phwando linali ku Woodlands, pabwalo la mnzawo wa amayi wa kutchalitchi. Azimayi a kwathu ankandipatsa moni wa nsonga za zala. Mmodzi anachita kusuntha mpando. Ng'oma zinalira, Thandazani analowa atafunda chitenje, akutsogoleredwa ndi ba Virginia ndi ba Salifyanji, mlangizi wochokera kuchimuna amene ankayendetsa mwambo. Spencer anabwera ndi alongo ake, anagwada, n'kupinda chitenje pang'onopang'ono mpaka nkhope inaonekera.

Nthungululu zinayamba n'kuzimirira panjira. Kutupa kunali kutaphwa, koma masaya anali mawangamawanga, khungu likusupuka, ndipo sanapake paudala ngakhale pang'ono. Kuseri kwa khutu ndinaona kachizindikiro kofiirira ka kalamaini. Amayi ake a Spencer, ba Anita, anavula magalasi n'kuyang'anitsitsa.

"Osadabwa, ba mayi," anatero ba Virginia mokweza kuti bwalo lonse limve. "Ni va jelasi va mu nyumba mwathu. Sitingachule zina."

Dzina sanatchule, koma maso onse anandipeza. Ndinatola chikwama kuti ndizipita, amayi anandigwira chitenje n'kundikhazika pansi.

Inafika nthawi ya mphatso. Pa kichini pate mphatso simangoperekedwa ayi. Mlangizi amaimasula, mwini wake amaimirira n'kufotokozera mkwatibwi ntchito yake m'banja, kenako amavina. Mkwatibwi yekha ndiye saloledwa kuyankhula kapena kudzutsa mutu. Anamasula mapoto, mabeseni, mithiko, eni ake akufotokoza, anthu akuseka. Kenako ba Salifyanji anatola kaphukusi kakang'ono kokulungidwa bwino m'pepala lonyezimira. Atamasula, munatuluka kabotolo ka jamu. Anatsegula, ananunkhiza, n'kubweza mutu msanga.

"Aka nika ndani? Mwine wake abwele atiuze nchito yake."

Palibe anaimirira. Ba Virginia anali kalikiliki kukonza duku lawo. Ba Salifyanji anafunsanso kachiwiri, atakweza kabotolo m'mwamba.

Pamenepo mkwatibwi anadzutsa mutu. Azimayi achikulire anati "aa-aa!" koma iye anatulutsa dzanja n'kuloza munthu amene anakhala pambali pake.

"Nika ba anti," anatero Thandazani. "Imani mubauze nchito yake, ba anti. Ine naonesa kale."

Apa ndinazindikira kuti ndi mng'ono wanga amene anakatola kabotolo kaja m'bini n'kukakulunga. Oimba ng'oma, anthu osadziwa chisoni, anayamba kuimba nyimbo yoitanira mwini mphatso. Ba Salifyanji anatambasula dzanja, kabotolo kali pamphuno pa ba Virginia, ndipo sanalibweze. Ba Anita anavalanso magalasi awo kuti aone bwino.

Thandazani sanawayang'anenso azakhali ake. Anapisa dzanja m'chitenje, natulutsa kathaulo kobiriwira kaja, n'kudzipukuta thukuta pamasaya onse awiri, maso ake ali pa ine.