Mikanda ya mu Envulopu

1.
Yabweranso. Envulopu yakhaki, yotupa ngati ili ndi pakati. A Chimwaza a kabaza ya njinga yamoto saitula pakhonde ayi, amaipereka m'manja mwa Ndaziona, ndipo a Nachisale, agogo ake a mtsikanayo, amaona zonse ali pamkeka akutongola chimanga. Amawerenga. Osati malemba, malemba sanawaphunzire. Amawerenga manja: akhudzana kapena sanakhudzane.

Sanakhudzane. Ochenjera amatero.

2.
Pepala silibwera lokha.

Mapepala amene analowapo m'nyumba muno:
la kumigodi ya ku Joni, linatenga bambo wa nyumba ino;
la kuchipatala, linatenga mwana wachisamba;
la pasipoti, linatenga mayi ake a Ndaziona, chaka chachisanu ndi chinayi tsopano, mawu awo amabwera pafoni ngati a munthu amene ali m'chitsime.

Lero magazini. Osalala, onunkhira sitolo, odzaza zithunzi za mawaya. Watsala woti atengedwe ndi mmodzi.

3.
Akutumiza ndani zimenezi, anafunsa a Nachisale.

Madamu Kalinde, agogo, anatero Ndaziona, a kusukulu ya ntchito zamanja ya m'tauni ija. Akatha kuwerenga amandibwereka.

Madamuwo ali ndi ndevu?

Agogo inu.

Ndikufunsa, mkazi mnzanga. Ndinaonapo madamu ovala nsapato za sayizi teni.

Ndaziona anaseka, natsegula tsamba la mizere yokhotakhota ngati njira za chiswe. Ndikupanga kabokosi aka, anatero. Mukazika mawaya ake awiri kudimba, dothi likauma kamalira. Lachisanu tikaonetsa zomwe tapanga. Amene chake chigwire ntchito amutenga, akakhala komweko zaka ziwiri.

Chala changachi chimadziwa dothi louma, anatero a Nachisale, ndipo sichinagonepo m'tauni.

Zaka ziwiri. Mayi ake pochoka paja anati miyezi itatu.

4.
Lolemba Ndaziona atapita kumjigo a Nachisale analowa m'chipinda chake osati kukasecha iwo sasecha anangofuna kuona ngati nkhuku yaikira pansi pa bedi ndipo envulopu inali pomwepo pakamwa pake pali yasa ndiye munthu ungatani unangopendeketsa pang'ono ndipo munatuluka timikanda timikanda tambirimbiri totalika ngati mbewu ya mpunga tomatidwa pakatepi m'mizere kalikonse kali ndi timalamba take kofiira kakuda kachikasu kagolide ndipo m'magazinimo munali tsamba lathunthu la mitundu yomweyo yondandalikidwa bwinobwino mtundu uliwonse ndi tanthauzo lake pambali pake ndipo a Nachisale anakhala pansi

Mikanda.

Mtsikana wosakwatiwa. Mikanda ya mu envulopu.

5.
Iwe Nachisale, tchera khutu, ankatero anamkungwi tsiku lija atatha msinkhu. Mkanda wofiira uli ndi chonena chake. Woyera uli ndi chake. Wakuda uli ndi chake. Umaupachika pamene mwamuna wako yekha angauone, ndipo iye amamva popanda iwe kutsegula pakamwa. Ana sauzidwa. Alendo sauzidwa.

Tsono lero azisindikiza m'buku? Ndi zithunzi zomwe? Nkumazikweza panjinga yamoto?

6.
Anasankha tokhala ndi lamba wofiira. Makumi awiri ndi titatu. Anatimanga pansonga pa chitenje, pamene pamakhala fodya wamphuno.

Pepala silibwera lokha, koma likhoza kubwerera lopanda mano.

7.
Lachiwiri anaima pamsewu dzuwa lili pamutu mpaka njinga yamoto inatulukira.

Imani pomwepo, bambo.

Zikomo amayi, anatero a Chimwaza, akuvula chipewa chawo chachitsulo. Kwagwanji?

Kwanu nkuti?

Kwa Msundwe, amayi.

Munda mumalima, kapena mumangouluka ngati nyenyezi? Njerwa mumatha kuumba? Atsibweni anu alipo amoyo, oti munthu nkulankhula nawo?

A Chimwaza anayang'ana kumbuyo ngati funsolo linali la munthu wina. Alipo, amayi. Nanga ndalakwa chiyani?

Mikanda ija.

Iti?

Musandiyese mwana. Ya mu envulopu.

Amayi, ine ndimangonyamula. Dzulo ndanyamula mbuzi, sindinaifunse za kwawo. Envulopuzo amandipatsa ndi mayi wina wamagalasi, wovuta ngati apolisi a pamsewu. Komanso kunyumba ndili ndi akazi anga, ndi mapasa. Akamva zoti ndikugawa mikanda m'midzimu, njingayi muipeza m'dambo.

Analiza njinga, napita. Fumbi.

Mapasa. Wabodza amakonda kuwonjezera ana.

8.
Lachitatu Ndaziona anafunafuna:
pansi pa bedi,
m'katoni ya mabuku,
m'thumba la diresi la kutchalitchi,
m'dengu la chimanga,
m'chitosi cha nkhuku, ndi kamtengo.

Agogo, simunaone marezisita anga?

Ma chiyani?

Tinthu tating'ono ta mizeremizere. Timachepetsa mphamvu ya magetsi kuti isaotche zinthu.

Makoswe a chaka chino ngakuba, anatero a Nachisale, maso ali pa lichero. Ndipo ndikuuze. Usamagone ndi mabatire kumutu, amayamwa nzeru. Usamanunkhize utsi wa mtovu umene umasungunulawo, udzabereka ana achifuwa. Chitsulo chako chowotchereracho usamachiike pambaula yanga, ndiwo zikumveka waya. Munthu wokupatsa chinthu chaulere umuyang'ane kumapazi, uone kumene aloza. Ndipo buku lokhala ndi zithunzi zambiri limabisa mawu.

Ndamva, agogo.

Sunamve. Mayi ako ankayankha chomwecho.

9.
Lachinayi. Mtsikanayo anayesa kuikapo tina, tosakhala ndi lamba wofiira. Analumikiza batire. Kabokosi kanati tsii, kenako kanatulutsa kautsi kamodzi kowongoka, fungo ngati tsitsi lopserera. Anachotsa kachidutswa kakuda kamene kanapsako, naika kena. Kotsiriza, anatero, osauza munthu.

Sanalire. A Nachisale akanakonda akanalira. Mtsikanayo anangokhala pakhonde, magazini ali pamiyendo, chala chili pa tsamba la mitundu lija.

Agogo, bwerani muone.

Maso anga ndi akale.

Maso anu amaona nsabwe pamutu pa munthu ali kutsidya kwa msewu. Khalani apa. Mtundu uliwonse ndi nambala. Wakuda ndi ziro. Wakhofi ndi wani. Wofiira ndi thuu. Basi. Palibe mwamuna amene akuuzidwa kanthu.

Ndani wanena za mwamuna?

A Chimwaza. Akuti munawafunsa za atsibweni awo, msika wonse waseka. Ndaziona anatseka magazini aja. Sindikulandani, agogo. Mfundo ya pachitenje chanuyo ndaiona kuyambira Lolemba. Mukafuna kuisunga, isungeni. Mawa sindipita, ndipo sindidzakufunsani chifukwa.

Ananyamula chidebe, napita kumjigo, ngakhale mitsuko yonse inali yodzaza.

10.
Mkanda umakhala ndi bowo.

Munthu amene watunga mikanda zaka makumi asanu ndi limodzi sachita kuuzidwa zimenezo. Lolemba lomwelo, kamodzi katangogwera pachikhatho, a Nachisale anakagudubuza ndi chala, napeza kawaya mbali iyi, kawaya mbali iyo, pakati potseka. Anadziwa asanapume kachiwiri. Si mikanda.

Koma ikanakhala mikanda.

Ikanakhala mikanda, pakanakhala mwamuna. Mwamuna umamukalipira, umamuimitsa pamsewu, umamuchititsa manyazi, kenako atsibweni ake amabwera ndi nkhuku. Kuno kwathu mwamuna ndiye amasamuka. Amabwera chikamwini, amaumba njerwa, amamanga pamene wamulozera, ndipo mwana wako ukamuitana uli pakhonde amayankha. Kuseri kwa nkhokwe kuli malo osalala amene a Nachisale sanadzalepo kanthu dzinja lachitatu tsopano. Anthu akafunsa amati nthaka yake njotopa. Nthaka yake njabwino. Pamakwana zipinda ziwiri ndi khonde.

Buku silibwera chikamwini. Lilibe atsibweni. Sungalifunse kwawo.

Mfundo inali itauma ndi thukuta, a Nachisale anaimasula ndi mano atatu amene anawatsalira. Ndaziona pobwera anapeza tinthu tija tili pa lichero, tosankhidwa m'magulu: tofiira-tofiira-takhofi patokha, takhofi-takuda-tofiira patokha, monga momwe tsamba linaonetsera.

Makumi awiri ndi titatu, anatero a Nachisale. Werenga, usadzati ndinadya kamodzi.

Mtsikanayo anatenthetsa chitsulo chake pambaula, ndipo panalibe amene ananena za ndiwo. Dzuwa litapendeka anaimirira, kabokosi kali m'manja.

Kudimba nkonyowa, agogo. Pakufunika dothi louma kuti tiyese.

Tiye kuseri kwa nkhokwe.

Ndaziona anagwada pakati penipeni pa malo osalala aja, nazika mawaya awiri. Kabokosi kanalira, mawu opyapyala, osalekeza, mpaka nkhuku zinathawa.

Zimitsa, anatero a Nachisale. Ndamva. Mawa ukakwera njinga ya bambo wamapasa uja ugwire chitsulo chakumbuyo, osati m'chiuno mwake.

Anakanda dothilo ndi chala chakuphazi.

Pano ndidzalapo mbatata.